Mbalame Yotsokomola

Pa mtsinje wonse wa Batang Ai panalibe munthu woyendetsa bwato ngati Gerinang, ndipo woyamba kukuuzani zimenezi anali Gerinang mwiniwake. Anachoka kwawo ali mnyamata, ali ndi kabudula mmodzi ndi chikwanje cha malemu bambo ake basi. Anabwerako patatha zaka khumi ndi chimodzi ataona Singapore, Dubai, Rotterdam ndi madoko ena a mayina opotoza lilime, atagula injini ziwiri ndi mabwato atatu, pakamwa pake posatsekeka. Azungu ofuna kuona mayas, anyani ofiira aja okhala m'nsonga za mitengo, ankachita kulimbirana dzina lake akadali ku Kuching.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkamukanika: kukwatira Selaka wa ku Nanga Entalun.

Lachinayi m'mawa anazimitsa injini pansi pa mitengo yoweramira m'madzi, natembenukira alendo ake awiri a ku Holland.

"Mukufuna beragai, ya pachifuwa pofiira ija? Ena akuyendetsani masiku anayi, misundu n'kukumwani magazi, mbalame osaiona. Ine ndimaiitana ngati nkhuku ya pakhomo. Konzani makamera!"

Anatulutsa m'chikwama kawailesi kakang'ono ngati sopo. Mawu onse a mbalame anali m'menemo anawajambula yekha. Anakanikiza batani. Beragai inaseka katatu, kenako panamveka kutsokomola kwa munthu, chifukwa tsiku lojambulalo Gerinang anali ndi chimfine. Mzungu wamkazi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Asanamalize kuseka, beragai yeniyeni inatera pa nthambi pamwamba pawo, yofiira ngati khala la moto.

"Mwaona? Gerinang akaitana, nkhalango imavomera!"

Chala chake chinakhudza batani lina. Mbalame ina, ketupong, inalira kamodzi, tik! Pambuyo pake panamveka go! Imeneyo inali nkhafi imene inagunda bwato tsiku lojambula. Gerinang anazimitsa msanga n'kuyang'ana m'mbali zonse za mtsinje. Mbalamezi si zoseweretsa, ndi amithenga a mizimu. Beragai ikakusekera kumanja, pita, ntchito yako iyenda. Ketupong ikalira kumanzere, bwerera, ngakhale phazi limodzi litalowa kale m'bwato. N'chifukwa chake kawailesiko ankakaliza kutali ndi makutu a akuluakulu.

Pa thanthwe lalikulu la pakati pa mtsinje, malo okhawo m'chigawo chimenecho cha mtsinje amene foni imagwira, uthenga wa Selaka unalowa.

"Nyanggau, wondifuna ukwati uja, wabweranso dzulo ndi mwendo wa nguluwe. Indai, amayi anga, alandira. Akuti iwe ndiwe ng'oma, ndipo ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Apai, bambo anga, akuti ubwere Loweruka ndi amalume ako. Koma akuti mbalame zikakubwezani panjira, nkhani yathera pomwepo. Kachiwiri kulibe."

"Endu wanga, wokondedwa wanga," anayankha Gerinang, "munthu wodutsa namondwe wa m'nyanja zazikulu angabwezedwe ndi kambalame? Sefa mowa wa mpunga uja."

"Siya matama. Mayas wamkazi ali ndi mwana pa mkuyu wa kuseri kwa mathithi, ndamuona dzulo. Pita nawo kumeneko alendo akowo."

Umo ndi mmene ankachitira. Selaka ankadziwa komwe kuli chinyama chilichonse, Gerinang ankatenga ulemu wake.

* * *

Madzulo a tsiku lomwelo anakocheza pa doko la Nanga Entalun. Alendo anakwera makwerero kupita ku nyumba yaitali, yokhalamo mudzi wonse, kukagula nsalu. Selaka anali m'madzi ofika m'maondo akutsuka ulusi, manja ake ali ofiira ndi utoto wa mizu.

"Taonani mkazi wanga," anatero Gerinang.

"Mkazi wa ndani? Wafunsira kale?"

"Ku Rotterdam akazi ankandilirira padoko, endu. Mmodzi anakomoka."

"Anakomoka ndi fungo la injini." Anamuwaza madzi, kenako anatsitsa mawu. "Kachidole kako kaja uli nakobe? Ndinakuuza kuti ukataye."

"Kamene kamatidyetsa?"

"Apai akadzakamva..."

Onse awiri anayang'ana kumtunda. Apai Selaka, bambo a mtsikanayo, anali ataima pamwamba pa makwerero atatsamira ndodo, mwendo wa buluku wakumanzere utapindidwa n'kumangidwa pabondo. Miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo anadikira mbalame masiku anayi asanagwetse mtengo pa munda watsopano. Mbalame inawalola. Mtengo unagwa mbali yolakwika n'kuwaphwanya mwendo, ndipo madokotala a ku Sri Aman anangoudula. Sanauzepo munthu kuti inali mbalame yanji, popeza mbalame ya munthu amaidziwa ndi iye ndi mkazi wake. Koma aliyense ankadziwa kuti chinkawapweteka kuposa chilondacho ndi funso limodzi: mbalame inandinamiziranji?

"Oo, unggal, mnzanga! Wabwera ndi mabwana ako?"

Anali Nyanggau akutsika m'njira, tambala wake womenyanitsa ali m'khwapa, kampeni kowala katamangidwa kale ku mwendo wa tambalayo. Mwamuna wamfupi, wa khosi ngati chitsa. Anagwirapo ntchito kwa Gerinang miyezi iwiri, yoima kutsogolo kwa bwato ndi mtengo wokankhira, mpaka tsiku limene anawombera mbalame ya mlomo waukulu alendo akuona. Gerinang anamutsitsa pamchenga n'kumusiya ayende wapansi masiku awiri.

"Kodi lero uwavinira, kapena uwanyamula kumsana?" anafunsa Nyanggau.

"Ine ndadyapo patebulo limodzi ndi oyendetsa sitima. Iwe umadya ndi atambala. Ndiye nkhope yayamba kufanana nawo."

"Selaka, uyu ukufuna kukwatiwa nayeyu ndi kapolo wa azungu. Ine ndimabweretsa nyama."

"Nyama yakoyo inali ndi mphutsi," anatero Selaka osadzutsa mutu.

Nyanggau anaponya tambala uja kumaso kwa Gerinang. Mapiko anamuphimba maso, kampeni kanamung'amba tsaya kuyambira pansi pa diso mpaka pa chibwano. Gerinang anadumpha m'bwato, mutu wake unakalowa m'mimba mwa Nyanggau, onse anagwera m'madzi. Anagubuduzana m'miyala. Chibakera cha Gerinang chinapeza mphuno, mano a Nyanggau anapeza phewa. Bwato linapendekeka, chikwama chinagwera pamchenga n'kukhutuka. Madzi a padoko anafiira, ndipo sunali utoto wa ulusi.

Selaka anatola nkhafi. Anamenya nayo msana wa Nyanggau, kenako wa Gerinang, mofanana.

"Agalu inu! Apai akuona!"

Nyanggau anadzuka akutsokomola madzi. Anawerama pamchenga ngati akutola chipewa chake, ananyamula tambala, n'kukwera njira akuseka ndi mphuno yotuluka magazi.

Kawailesi kaja Gerinang anazindikira mawa lake kuti kasowa. Anangoti kamira m'madzi.

* * *

Loweruka madzi anali ochepa pa mathithi, ndiye anasiya bwato kumunsi n'kulowa njira ya m'nkhalango. Patsogolo panali amalume ake, a Chundi, atanyamula chingwenjere cha mkuwa. Pambuyo azakhali awiri ndi mtsuko wa mowa. Pakati Gerinang, atavala malaya oyera a ku Dubai, tsaya litasokedwa ndi ulusi wakuda, akufotokoza mmene adzamangire chipinda cha mawindo a galasi.

"Tatseka pakamwa," anatero a Chundi. "Tikumvetsera njira."

Anawoloka kamtsinje koyamba. Anadutsa nsungwi. Denga la nyumba yaitali linayamba kuoneka pakati pa mitengo.

Tik!

Kumanzere.

Onse anauma pomwe anaima. Azakhali anatula mtsuko pansi. A Chundi anatseka maso kanthawi, kenako anatembenuka.

"Tibwerere."

"Malume, nyumba ndi iyo! Ndikuona utsi!"

"Ukanaona ngakhale mtsikanayo akukukodola. Ketupong yalankhula. Siine ndakana, mwana wa mlongo wanga."

"Apai Selaka anati kachiwiri kulibe."

"Ndiye kulibe."

Madoko onse aja, injini, mabwato, n'kudzagonjetsedwa ndi kambalame kosakwana m'dzanja! Anatsegula pakamwa kuti achonderere, mbalame ija n'kuliranso.

Tik! Go!

Anatseka pakamwa. Anapendeketsa mutu.

"Malume, mbalame imeneyi ili ndi nkhafi."

"Wati chiyani?"

Gerinang anali atalowa kale m'tchire. Minga inang'amba malaya a ku Dubai, iye osamva. Kuseri kwa muzu waukulu wa mtengo anapeza Nyanggau atanjuta, kawailesi kali m'dzanja lamanzere, chikwanje m'dzanja lamanja.

"Wadziwa msanga, unggal," anatero Nyanggau, n'kuzunguza chikwanje.

Gerinang anatchinga ndi mkono. Chikwanjecho chinalowa m'mnofu mpaka kugunda fupa. Sanalire. Anagwira dzanja la chikwanjelo ndi manja onse awiri, n'kulimenyetsa pa muzu kamodzi, kawiri, kachitatu china chake chinathyoka ndipo chikwanje chinagwa. Nyanggau anamulowetsa chala m'chilonda cha patsaya n'kukoka, ulusi wonse unaduka. Anagwa limodzi, anatsetsereka pamtunda, anakathera m'matope a m'mbali mwa kamtsinje. Gerinang anapezeka pamwamba. Anatola mwala n'kumenya pakamwa, mano awiri anatsalira m'matope. Anamumiza nkhope m'madzi, kumutulutsa, kumumizanso.

"Lira! Lira ngati ketupong tsopano!"

Chikwanje chinali chitatsetsereka nawo. Dzanja la Gerinang linachipeza lokha. Anakoka tsitsi la Nyanggau mpaka khosi linaonekera bwino, n'kukweza mkono.

A Chundi anamugwira pamkono ndi mphamvu zimene munthu wa zaka zawo sayenera kukhala nazo.

"Nthawi yodula mitu ya adani inatha ndi agogo ako! Ukufuna kukwatira Selaka kapena ndende ya ku Kuching?"

Gerinang anapumira m'mwamba kanthawi. Anataya chikwanje. Anatola kawailesi m'masamba, anagwira Nyanggau pa kolala, n'kuyamba kumukhwekhwereza kulunjika kunyumba.

"Bwera pang'ono, tikambirane kaye," anatero a Chundi. "Kanthu kameneko n'ka ndani?"

Koma Gerinang akapambana samva.

* * *

Anthu a zitseko zonse makumi awiri ndi zitatu anali atakhala pamikeka m'khonde lalitali la mkati, akudikira alendo ofunsira. Pamwamba pawo panalendewera mitu yakale ya adani, yakuda ndi utsi wa zaka zambiri. Zimene anaona zikukwera makwerero ndi mwamuna wamagazi kuyambira kumaso mpaka kumapazi, akukoka mnzake ngati nguluwe yophedwa. Ana anathawira m'zipinda. Selaka anaimirira dzanja lili pakamwa.

Gerinang anamuponya Nyanggau patsogolo pa mkeka wa Apai Selaka.

"Apai, Indai, nayi ketupong yanu! Ndaigwira ndi manja. Imafuna kutibweza panjira kuti mwana wanu akwatiwe ndi tambala!"

Anafotokoza zonse, ndipo pofotokozapo chikwanje chinatalika, mtunda unakula, Nyanggau anasanduka amuna atatu. Anthu anayamba kung'ung'udza. Kunamizira mbalame! Mwamuna wina analavulira Nyanggau. Apai Selaka anayang'ana mkono wa Gerinang wothonya magazi, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inafewa.

"Mupatseni pokhala," anatero. "Selaka, mumange mkonowo."

Zikanathera pomwepo. Mowa unali wosefa kale, chingwenjere chinali pakhomo. Koma Indai Selaka, mayi ake a mtsikanayo, amene nyama ya nguluwe inali isanathe m'mphika mwawo, anapinda milomo.

"Kabokosi kangalire bwanji ngati mbalame? Ifenso tili ndi makutu. Mwina yalira ndi yeniyeni, uyu wangomenya mwana wa eni kuti apeze ponamizira."

Nyanggau anadzutsa mutu pang'ono. Mawu ankatuluka ndi thovu lofiira.

"Awaonetse. N'kake komwe."

"N'kako?" anafunsa Apai Selaka.

Selaka anali akukulunga nsalu pamkono wa Gerinang. Anakoka mfundo mwamphamvu, namutsina. "Khala pansi," ananong'ona. "Magazi akutha. Khala chete, ndakupempha."

"N'kanga, Apai, uyu anandibera Lachinayi!" anatero Gerinang, chifuwa patsogolo. "Ndipo si zogula m'sitolo ayi. Ndinajambula ndekha, ine, ndi khutu langali. Ngakhale mbalame zenizeni zimapusitsika. Indai akukayika? Tamverani!"

Zala zake zinali zoterera ndi magazi. Chala chinaphonya ketupong n'kugwera pa batani loyandikana nalo.

Beragai inaseka katatu m'khonde monse. Kenako munthu anatsokomola.

Ana amene anasuzumira pazitseko anaseka. Akulu ena anasekanso. Kapu ya mowa inagwa m'manja mwa Apai Selaka n'kugubuduka pansi.

"Bwereza."

"Pepani, Apai, ndaphonya, imeneyo ndi..."

"Ndati bwereza."

Anakanikizanso. Kuseka katatu. Kutsokomola.

Apai Selaka sankayang'ana Gerinang, ankayang'ana mkazi wawo.

"Unaseka, mayi a Selaka. Ukukumbuka? Nditabwera kudzatenga nkhwangwa ndinakuuza kuti beragai yandisekera kumanja, koma yamaliza ndi kutsokomola ngati munthu. Iwe unati imeneyo ndi mbalame yokalamba, mwayi wake ndi waukulu, pitani mukagwetse."

Indai Selaka anagwira kumutu.

"Gerinang," anatero bambo aja, mawu ali pansipansi. "Mwezi wogwetsa mitengo, m'mawa wa Lachiwiri, pa kamtsinje ka Sebangki. Unali kuti?"

Gerinang anakumbukira zonse nthawi imodzi. Alendo anayi a ku Japan a makamera aatali. Nkhungu pamadzi. Nyanggau kutsogolo kwa bwato. Anakaliza kakhumi m'mawa umenewo chifukwa mbalame inkachedwa. Ankadziwa kuti munda uli kuseri kwa chitunda, koma sanaganizepo kuti mawu angakwere chitunda.

"Ndinali komweko, Apai."

Indai Selaka anakuwa. Anatola chibonga chosinjira mpunga n'kumugenda nacho, chinamupeza pamphumi, magazi atsopano anatsikira m'maso. Anamulumphira ndi zikhadabo, akumenya, akulira, mwina akudzimenya okha kudzera mwa iye. Amuna awiri anawakoka mayiwo. Ena anali ataimirira kale n'kutseka njira ya kumakwerero. A Chundi anaima kumbuyo kwa mphwawo manja ali m'mwamba, akupempha kuti anthu akhale pansi, koma palibe anakhala.

Apai Selaka anadzikweza ndi ndodo. Anafika pakhoma, anatsitsa chikwanje chawo chakale cha chigwiriro cha nyanga, n'kuchiponya pamkeka pakati pa iwo ndi Gerinang.

"Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikufunsa kuti ndinalakwira chiyani mizimu. Ndapha nkhumba zitatu kupepesa. Kani mbalame yake ndi iyi, ili ndi miyendo iwiri, ine umodzi. Ndiye yabwera kudzatenganso mwana wanga."

"Apai, sanadziwe!" anatero Selaka. Anali ataima pakati pawo, phazi lake litaponda chikwanje chija.

"Choka apo."

"Sindichoka."

Pansi paja Nyanggau anayamba kuseka. Kuseka kwake kunali konyansa, kodutsa m'mipata ya mano othyoka.

"Sebangki ndi kamtsinje kobisika, Apai. Ine ndinali kutsogolo kwa bwato, sindinkakadziwa. Uyu anakhala kunja zaka khumi ndi chimodzi, akanakadziwa bwanji? Mufunseni amene anamulozera kuti beragai zili kumeneko."

Selaka anaweramitsa mutu. Gerinang anaona, ndipo anakumbukira uthenga wa m'mawa umenewo mawu ndi mawu: pita ku Sebangki, kufupi ndi munda wa Apai, zadzaza kumeneko.

"Palibe anandilozera," anatero mokweza. "Ndinapita ndekha. Ine mtsinje uno ndimaudziwa ngati chikhatho changa, ndani angandiphunzitse? Mlandu ndi wanga ndekha. Mwendo mukaufuna, nawu."

"Onani mufoni mwake," anatero Nyanggau. "Safufuta mauthenga a chibwenzi. Amawerengera anthu m'bwato."

Mwamuna wina anatambasula dzanja. Gerinang anatulutsa foni m'thumba ngati akupereka, kenako anaiponda ndi chidendene mpaka galasi linaphwanyika, n'kuikankhira pa mpata wa pakati pa matabwa. Inagwera m'matope a pansi pa nyumba, nkhumba n'kuithamangira.

"Yaterereka," anatero.

Palibe anaseka. Apai Selaka anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana pa mpata paja. Munthu saphwanya foni yake kuti abise mlandu umene wauvomera kale. Pang'onopang'ono anatembenuza mutu, maso awo n'kukaima pa manja ofiira a mwana wawo.

"Selaka," anatero mofatsa, akutambasula dzanja. "Bweretsa foni yako."